Maso ndi Amithenga, Woona Ali M'chigaza: Zinthu 12 Zodabwitsa za Mmene Timaonera ndi Kumvera

Chichewa chili ndi mneni mmodzi amene amasenza katundu wa anthu asanu. Timati ndamva ng'oma, ndamva fungo la utsi, ndamva kuwawa mwendo, ndamva kukoma kwa ndiwo, ndamva njala. Wina akatilongosolera nkhani bwinobwino timatinso ndamva. Makolo amene anaumba mawuwa sanapondemo mu labotale, komabe anagunda pa mfundo imene akatswiri a za maganizo akhala akuitsimikizira kwa zaka zoposa 150. Khutu, mphuno, lilime, khungu ndi diso ndi amithenga chabe. Mwini nkhani ali m'chigaza, ndipo uthenga ukamufika sausiya mmene wabwerera. Amasankhamo, amasokapo zigamba, pena amaupeka kumene.

1. M'diso lililonse muli malo amene saona kanthu

Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kodzaza ndi maselo olandira kuwala. Koma pamene mtsempha wopita ku ubongo umatulukira palibe selo lotere ngakhale limodzi. Wansembe wina wa ku France, Edme Mariotte, ndiye anazindikira zimenezi cha m'ma 1660.

Yesani pompano. Tambasulani manja onse awiri kutsogolo, zala zazikulu zitaloza kumwamba, zitatalikirana masentimita pafupifupi 15. Tsinzinani diso lamanzere, ndipo ndi lamanja yang'anitsitsani chala chamanzere. Kenako sunthani dzanja lamanja pang'onopang'ono cham'mbali. Pena pake nsonga ya chala chamanja izimiririka. Chimene chimandizizwitsa n'chakuti pamalopo simuona dzenje lakuda. Muona khoma kapena udzu, chilichonse chimene chili kumbuyoko. Ubongo wamata chibowocho ndi dothi lapafupi, monga amachitira mayi pozira nyumba, ndipo wakhala ukutero chibadwire chanu osakuuzani.

2. Mungayang'ane chinyani chachikulu maso ali tong'o, osachiona

Mu 1999, Daniel Simons ndi Christopher Chabris a ku yunivesite ya Harvard anaonetsa anthu kanema wamfupi wa achinyamata akuponyerana mpira, ena atavala zoyera ena zakuda. Oonera anauzidwa kuti awerenge kuti ovala zoyera apatsirana mpira kangati. Mkati mwa masewerawo munadutsa munthu atavala chikopa cha gorila, n'kuima pakati, n'kudziguguda pachifuwa, n'kutuluka. Pafupifupi theka la oonera sanamuone. Atawabwezera kanemayo ena anakana kwamtuwagalu kuti ndi yemwe uja.

Mwina munganene kuti amenewo anali anthu wamba. Mu 2013 Trafton Drew ndi anzake anaika kachithunzi ka gorila m'zithunzi za m'mapapo n'kupatsa madokotala 24 odziwa kufufuza zotupa. Madokotala 20 sanakaone, ngakhale kuti kanali kakakulu kuwirikiza ka 48 poyerekeza ndi zotupa zimene ankasaka. Makina otsata maso anasonyeza kuti ambiri mwa amene anakaphonya anali atayang'ana pomwepo.

Choncho dalaivala amene wagunda wakabaza masanasana n'kumati sindinamuone, mwina sakunama ayi. Mlandu wake uli poti maganizo anawapereka kwina, ku foni kapena ku ndalama za kondakitala. Maso amapita kumene mwawalozetsa, koma kuona kumapita kumene kuli mtima. Pa chifukwa chomwechi, mboni yonena kuti ndinali pomwepo ndipo sizinachitike iyenera kufunsidwa kuti nthawi imeneyo inkayang'anira chiyani.

3. Milomo ya mnzanu imasintha zimene khutu lanu lamva

Harry McGurk ndi John MacDonald a ku yunivesite ya Surrey ku England anazitulukira mwangozi, n'kuzifalitsa mu 1976. Anatenga kanema wa munthu akunena "ga" n'kuikapo mawu akuti "ba". Oonera ambiri anamva "da", liwu limene panalibe analinena. Mukatsinzina mumamva "ba" bwinobwino. Mukatsegula maso "da" uja amabwerera, ngakhale mutadziwa kale chinsinsi chake. N'chifukwa chake agogo amene makutu ayamba kuwavuta amamva bwino mukakhala nawo maso ndi maso pakhonde masana, kusiyana ndi kuwakuwira muli kuseri kwa nkhokwe.

4. Khanda la miyezi 6 limamva zimene inu munasiya kumva

Mu 1984 Janet Werker ndi Richard Tees a ku Canada anayesa makanda a m'mabanja olankhula Chingelezi ndi timawu ta Chihindi timene akuluakulu a Chingelezi satha kusiyanitsa. Makanda a miyezi 6 mpaka 8 ankasiyanitsa mosavuta. Pofika miyezi 10 mpaka 12, ambiri luso lija linali litatha. Khutu limadzisema kuti likwanire chinenero cha pakhomo, ndipo zotsala limataya.

Ife tili ndi umboni wathuwathu. M'Chichewa, kaya munthu anene "kulira" kaya "kulila", tanthauzo silisintha, motero ubongo wathu unaphunzira kuika l ndi r m'dengu limodzi. Ndiye mwana wa ku Dedza akasokoneza liwu la Chingelezi lotanthauza kupemphera ndi lotanthauza kusewera, si umbuli, ndipo mphunzitsi womuseka akulakwa. Anthu a ku Japan amavutika ndi malembo awiri omwewa. Komanso tembenuzani nkhaniyi: mzungu wophunzira Chichewa amatuluka thukuta kuti amve kusiyana kwa mtengo wa mango womera pabwalo ndi mtengo wa mango wa pamsika, pamene mwana wa zaka 4 amakumva popanda womuphunzitsa.

5. Tsabola sawotcha, koma thupi silidziwa zimenezo

Mu 1997 David Julius wa ku San Francisco anapeza kachipata ka pa mitsempha kotchedwa TRPV1, kamene kamatseguka kutentha kukapitirira madigiri pafupifupi 43. Mankhwala a mu tsabola, otchedwa capsaicin, amatsegula kachipata komweko. Uthenga wopita ku ubongo ndi umodzimodzi ndi wa phala lamoto, n'chifukwa chake wodya kambuzi amachita thukuta ngakhale mu June. Ntchito imeneyi inamupezetsa Julius mphoto ya Nobel mu 2021 pamodzi ndi Ardem Patapoutian.

Madzi sathandiza kwenikweni chifukwa capsaicin sasungunuka m'madzi, amasungunuka m'mafuta. Mkaka ndiye umaziziritsa. Mbalame sizimumva n'komwe tsabola, zimangomudya n'kukafesa njere kutali. Njovu zimadana naye kwambiri, moti alimi ena a m'chigwa cha Luangwa amatchinjiriza minda yawo ndi tsabola.

6. Chithunzi cha lilime cha m'mabuku a sukulu n'cholakwika

Ambiri tinajambulapo lilime logawidwa zigawo: kutsekemera kunsonga, kuwawa kumbuyo, mchere ndi kuwawasa m'mbali. Zinachokera pa kafukufuku wa David Hänig wa ku Germany wa mu 1901, amene anangopeza kusiyana kochepa kwambiri. Edwin Boring atazijambulanso m'buku lake mu 1942, owerenga anaona ngati chigawo chilichonse chili ndi ntchito yakeyake. Ikani kamchere kunsonga kwa lilime, mukamva.

Zokoma zake si zinayi zokha. Mu 1908 Kikunae Ikeda wa ku Tokyo anatchula chachisanu kuti umami, kukoma kwa msuzi wa nyama, bowa ndi matimati akupsa. Mkaka wa m'mawere uli nako kochuluka.

Koma mbali yaikulu ya zimene timati kukoma ndi ntchito ya mphuno. Tikamatafuna, fungo limakwera kudzera kukhosi n'kukafika pa timaselo ta mitundu pafupifupi 400 tolandira fungo, timene chinsinsi chake anachiulula Linda Buck ndi Richard Axel mu 1991. Chimfine chikatseka njira imeneyi, chambo chowotcha chimangokhala ngati gaga. Amene anadwala Covid-19 n'kutaya fungo akudziwa chisoni chake.

7. Ululu suchokera pabala pokha

Mu 1995 magazini ya madokotala ya British Medical Journal inalemba za mmisiri womanga nyumba wa zaka 29 amene analumphira msomali wa masentimita 15. Msomaliwo unaboola jombo n'kutulukira pamwamba. Munthuyo ankamva ululu woopsa moti madokotala anayamba amubaya mankhwala amphamvu asanakhudze phazilo. Atavula jombo anapeza kuti msomali unadutsa pakati pa zala, osakanda khungu ngakhale pang'ono. Sankanamizira. Maso anaona msomali, ubongo unaweruza kuti phazi labooka, ndipo ululu unabwera weniweni.

Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza mu 1965 kuti mu msana muli ngati chipata chimene chimachepetsa kapena kuchulukitsa uthenga wa ululu usanafike kumutu. Kusisita pamalo popweteka kumakankha chipatacho kuti chitsekeke pang'ono. Mayi amene amasisita bondo la mwana wakugwa akuchita zoona, osati kungomunyengerera.

Ndiye kodi moyo wopanda ululu ungakome? Paul Brand, dokotala amene anagwira ntchito ku Vellore m'dziko la India kuyambira mu 1946, anasonyeza kuti khate silidya zala monga ankaganizira anthu. Kachilombo kake kamapha mitsempha, munthu n'kusiya kumva kuwawa. Amagwira mphika wamoto osadziwa, amayenda tsiku lonse ndi minga kuphazi, bala limanyeka mpaka chala kutha. Brand anapezanso kuti odwala ena makoswe ankawadya zala usiku iwo ali m'tulo, moti anayamba kuwapatsa amphaka popita kwawo. Zofanana ndi zimenezi zimachitikira mapazi a anthu odwala shuga masiku ano, n'chifukwa chake amalangizidwa kuyang'ana mapazi awo tsiku lililonse. Maso agwire ntchito imene khungu lasiya.

8. Mwendo wodulidwa umayabwabe

Dokotala wa ku Philadelphia, Silas Weir Mitchell, anasamalira asilikali odulidwa ziwalo pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ndipo mu 1871 analemba za chinthu chimene ambiri ankaopa kuchitchula: ankamvabe mkono kapena mwendo umene kulibe. Zimachitikira ambiri mwa odulidwa ziwalo, ndipo nthawi zambiri chiwalo chosaonekacho chimawawa. Chifukwa chake n'chakuti mu ubongo muli mapu a thupi lonse, ndipo mpeni wa dokotala sufika pa mapuwo.

Pa mapu amenewa dzanja linayandikana ndi nkhope. V. S. Ramachandran wa ku San Diego anapeza odwala amene ukawakhudza patsaya ankamva kuti wawakhudza zala za dzanja lodulidwa. M'zaka za m'ma 1990 iye anayesa njira yotsika mtengo zedi: kuika galasi pakati, wodwala n'kumayang'ana chithunzi cha dzanja lamoyo ngati kuti ndi lodulidwa lija. Ena amene kwa zaka ankamva chibakera chofumbata mopweteka anamva chikufumbatuka. Sizithandiza aliyense, koma galasi lili m'nyumba zambiri.

Nkhaniyi ndi yathu. Mabomba okwirira anadula miyendo ya anthu ochuluka ku Mozambique pa nkhondo imene inatha mu 1992, ndipo dzikolo linalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba odziwika mu 2015 mokha. Ngozi za pamsewu ndi shuga zikudulabe ena. Wachibale wotere akati chala chakuphazi chikundiyabwa, sanapenge ndipo sanalodzedwe. Mumvereni.

9. Pali khutu lina la m'thupi limene simuliyamika

Tsinzinani n'kugwira mphuno yanu. Mwaipeza bwanji mumdima? M'minofu ndi m'mfundo muli timaselo touza ubongo pamene pali chiwalo chilichonse. Charles Sherrington anazipatsa dzina zimenezi mu 1906, koma amene anasonyeza dziko kufunika kwake ndi Ian Waterman. Mu 1971, ali ndi zaka 19 ndipo akugwira ntchito m'butchala pa chilumba cha Jersey, anadwala matenda amene anawononga mitsempha imeneyi kuyambira m'khosi kutsika. Minofu inali ndi mphamvu, koma akapanda kuyang'ana sankadziwa kumene kuli mikono yake. Anadziphunzitsa kuyendanso poyang'anira phazi lililonse ndi maso, ndipo magetsi akazima mwadzidzidzi ankagwa pansi. Mukadzaona mayi atasenza ndowa yodzaza, mwana kumsana, akucheza ndi mnzake panjira ya miyala madzi osatayika, dziwani kuti mukuona luso limeneli litafika pachimake.

Ubongo umaloseranso zimene thupi lanu likufuna kuchita n'kuzichotsera mphamvu. N'chifukwa chake simungathe kudzigirigisha nokha. Sarah-Jayne Blakemore ndi anzake ku London anapanga makina oti munthu azidzikanda nawo pachikhatho, ndipo atawachedwetsa ndi kachigawo kochepa ka sekondi, anthu anayamba kumva ngati akugirigishidwa ndi wina.

10. Mwezi wotuluka si waukulu kuposa wapamutu

Amene anauonapo ukutuluka panyanja ku Senga Bay angalumbire kuti ndi waukulu ngati lichero. Ujambuleni nthawi imeneyo, mudzaujambulenso pakati pa usiku osasintha kamera: ndi wofanana. Chikhadabo cha kachala kakang'ono, mkono mutatambasula, chimauphimba nthawi zonse ziwiri. Kunena zoona, potuluka umakhala kutali ndi inu ndi makilomita pafupifupi 6,000 kuposa ukafika pamutu.

11. Kumene munakulira kumaphunzitsa maso anu

Jambulani mizere iwiri yofanana kutalika. Wina muuike mivi yoloza kunja kunsonga zake, winawo mivi yoloza mkati. Umodzi uoneka wautali. Chinyengo chimenechi anachifalitsa Franz Müller-Lyer mu 1889, ndipo kwa nthawi yaitali ankati chimagwira anthu onse mofanana. M'zaka za m'ma 1960, Marshall Segall, Donald Campbell ndi Melville Herskovits anafalitsa zimene anapeza atachiyesa pa magulu a anthu a ku Africa, Philippines ndi America. Amene ananyengeka kwambiri anali a ku Evanston pafupi ndi Chicago. Asan a ku Kalahari pafupifupi sananyengeke n'komwe. Ofufuzawo anati wokulira m'nyumba za ngodya amazolowera kuwerenga ngodya ngati chizindikiro cha kutalika ndi kuyandikira. Akatswiri ena amatsutsa kufotokoza kumeneku, ndipo mkangano ukadalipo.

Mbali ina ya nkhaniyi inatipweteka. Robert Laws wa ku Livingstonia analemba kuti anthu amene anawaonetsa zithunzi zakuda ndi zoyera koyamba sankazindikira chojambulidwacho mpaka wina atawalozera nyanga ndi mchira wa ng'ombe. Mu 1960 William Hudson anaonetsa anthu ogwira ntchito ku South Africa chithunzi cha mlenje, njovu ndi mbawala, n'kupeza kuti ambiri osapita kusukulu sankachiwerenga monga ankayembekezera iye. Panali ena amene anathamangira kunena kuti maso kapena nzeru za Mwafirika n'zoperewera.

Yankho labwino linachokera ku Lusaka. Robert Serpell wa pa yunivesite ya Zambia, amene anafufuzanso tanthauzo la nzeru pakati pa Achewa a ku Katete, anafalitsa mu 1979 zotsatira za mayeso osavuta. Anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England zithunzi zofanana kuti azikopere. Pa pensulo ndi pepala, a ku England anapambana. Pa waya, a ku Zambia anawasiya kutali. Pa kuumba, analingana. Ana opanga magalimoto amawaya aja anali ndi maso akuthwa ngati a wina aliyense, chimene chinasiyana ndi chida chimene manja anazolowera. Ndimalakalaka aliyense wolemba mayeso a ana athu akanaidziwa nkhani imeneyi asanalembe mwana kuti ndi mbuli.

12. Kuona kumachita kuphunziridwa, ndipo kuli ndi nyengo yake

Mu 1688 William Molyneux wa ku Dublin, amene mkazi wake anali wosaona, analembera John Locke funso. Munthu wobadwa wosaona amene amasiyanitsa mpira ndi kabokosi pozigwira, atapenya lero, angazisiyanitse ndi maso okha? Yankho lodalirika linadikira zaka zoposa 300. Mu 2011 Richard Held, Pawan Sinha ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza pa ana 5 a ku India a zaka 8 mpaka 17, amene anabadwa osaona n'kuchitidwa opaleshoni. M'masiku awiri oyamba sankatha kugwirizanitsa chimene agwira ndi chimene akuona, ankangolota. Patapita masiku owerengeka anayamba kukhoza. Owerenga Baibulo akumbukira munthu wa ku Betsaida mu Marko 8, amene atangopenya sanathe kusiyanitsa bwino anthu ndi mitengo.

Koma ubongo sudikira mpaka kalekale. David Hubel ndi Torsten Wiesel, amene analandira Nobel mu 1981, anatseka diso limodzi la ana amphaka m'miyezi yoyamba ya moyo. Atalitsegula, disolo linali labwinobwino koma mphaka sankaonera, chifukwa malo ake mu ubongo anali atalandidwa ndi diso linalo. Mphaka wamkulu atamutseka chimodzimodzi sizinamuwononge motero.

Ndi mmene zililinso ndi mwana wa munthu. Khanda lobadwa ndi ng'ala lifunika opaleshoni m'masabata oyambirira, osati likadzayamba sukulu. Diso lopenyera kumbali likalekereredwa limafooka mpaka kalekale, pamene likagwidwa msanga limawongoka. Ndipo kadontho koyera pakati pa diso la mwana nthawi zina ndi chizindikiro cha khansa ya m'diso, imene imachizika ikapezeka msanga. Amayi ndi abambo, agogo, azamba ndi alangizi a zaumoyo, mukaona choyera m'diso la khanda, kapena mwana wa miyezi itatu amene satsata nkhope ya mayi ake ndi maso, musathiremo mankhwala a zitsamba ndipo musati adzakula nazo. Pitani naye kuchipatala sabata yomweyo, mukapemphe kuti amuone a maso.